Lamulo la Chipsera ku Zilibwino

Dziko la Zilibwino simungalipeze pa mapu, ndipo eni ake amati n'chifukwa choti ojambula mapu ndi anthu ansanje. Ndi dziko limene mvula ikachedwa boma limalengeza kuti kalendala ndiye yafulumira, ndipo mlatho ukakokoloka pamaikidwa chikwangwani chothokoza Mfumu chifukwa chokulitsa mtsinje. Pa nthawi ya nkhani yathuyi, pampando panali Mfumu Ndatero Wachiwiri, mwana wa Ndatero Woyamba. Inkakhala kumpanda mumzinda wa Wombani, kumene anthu manja awo adachita matuza, osati ndi khasu ayi, koma ndi kuwomba m'manja.

Tisawanamizire, chinthu chimodzi chabwino anali nacho. Chinkatchedwa Thumba la Chifundo. Mwezi ukatha, banja lililonse lokhala ndi mwana wamng'ono linkalandira thumba la ufa wa phala, wa soya wosakaniza ndi chimanga. M'nyengo ya njala thumba limeneli ndi limene linkaimika ana ambiri. Pathumbapo panali nkhope ya Mfumu ikumwetulira, ndipo ufa ukatha amayi ankasokera ana makabudula, moti ana ambiri a ku Zilibwino ankakhalira Mfumu yawo tsiku ndi tsiku popanda wowamanga.

Tsiku lina Mfumu inabwerako ku msonkhano wa mafumu a maiko oyandikana nkhope ili yakugwa. Sinadye, sinayang'ane n'komwe amayi ovina pachipata, inangoitanitsa nduna zonse.

"Anzanga aja aliyense amadzitama kuti ana a m'dziko mwake adabayidwa katemera," inatero Mfumu. "Atafika pa ine ndinasowa chonena, ndinayamba kutsokomola. Mfumu sitsokomola pagulu. Ndikufuna kudziwa amene wanditsokomoletsa."

Nduna zinayang'anana, kenako zonse zinatembenukira kwa a Mwadyakale, Nduna ya Zaumoyo ndi Zikondwerero. Maunduna awiriwa adawaphatikiza kalekale pofuna kuchepetsa mipando, ndipo aliyense ankadziwa umene a Mwadyakale ankaukonda pa awiriwo. Anaimirira pang'onopang'ono, mimba itatsogola.

"Mwinidziko, akutsokomoletsani ndi azimayi," anatero. "Tsiku la sikelo miyendo imawawawa. Tsiku la Thumba amathamanga kuposa njinga. Ndiye ine ndikuti ziwirizi tizimange ndi chingwe chimodzi. Mwana wopanda katemera, thumba palibe."

Kunena zoona, maganizowo sanali opusa. Chikuku chinkapha ana ku Zilibwino ngati kwina kulikonse, ndipo analipodi makolo amene ankabisa ana kuseri kwa nkhokwe alangizi a zaumoyo akafika m'mudzi. Lamulo likanathera pomwepo, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma ku Zilibwino lamulo silituluka kumpanda lisanakongoletsedwe.

"Nanga tidziwa bwanji kuti mwana wabayidwa?" inafunsa Mfumu.

"Pali makadi a kusikelo, Mwinidziko," inatero nduna ina yachinyamata.

"Makadi amadyedwa ndi makoswe," anaidula a Mwadyakale. "Ena amakulungira mandasi. Ena amabwerekana." Anavula jekete, n'kupinda malaya mpaka paphewa, n'kuloza kachipsera kozungulira pamwamba pa mkono wawo. "Koma ichi khoswe sangadye. Adandibaya ndili khanda, mpaka lero chilipo. Mlembi wa matumba azingopinda malaya a mwana. Chipsera chilipo, thumba. Palibe, abwerere."

Nduna zonse zinavula majekete n'kuyamba kuonetsana zipsera, moti wolowa nthawi imeneyo akanaganiza kuti kwabuka ndewu. Munthu mmodzi yekha sanavule, Dokotala Mwinjiro, mlangizi wa Mfumu pa za matenda.

"Pepani Mwinidziko," anatero. "Katemera wosiya chipsera ndi mmodzi yekha. Wa chikuku sasiya kanthu. Komanso chipsera chimatha kubwera ndi zinthu zina."

"Mukuti mkono wa nduna yanga ukunama?" inafunsa Mfumu modekha.

Sabata isanathe, Dokotala Mwinjiro analemekezedwa ndi udindo wa kazembe ku chilumba cha Palibemunthu, kumene akuti mpaka lero amalangiza mbalame.

Panatsala nkhani ya okhululukidwa. Kale kholo linkatha kukanira mwana katemera pa zifukwa zambiri: chipembedzo, matenda, maloto oipa, kapena kungoti silikufuna. Mfumu inatseka makomo onsewa n'kusiya limodzi lokha, la ana a khungu lofewa kwambiri. Khomo limeneli analipempha ndi akazi a nduna, amene sankafuna zipsera pa mikono ya ana ovala madiresi odula manja. Woyeza kufewako anali sing'anga wa kumpanda, ndipo atayeza anapeza zodabwitsa. Khungu lofewa linkapezeka mwa ana a nduna, ana a alamu a nduna, ndi ana ena ofanana nkhope ndi nduna amene ndunazo zinkati sizikuwadziwa. Kunja kwa mpanda khungu lonse linali lolimba.

Lamulo lalikulu chotere silikanangoyamba chiyambeyambe. Panafunika mwambo wolikhazikitsa. Tsono inali nyengo yotentha, alendo anali ambiri, ndipo zakumwa zinafunika kuzizira. Apa ndi pamene kuphatikiza maunduna kunaonetsa phindu lake. A Mwadyakale a Zikondwerero anapempha a Mwadyakale a Zaumoyo kuti awabwereke mafiriji a m'zipatala zonse, ndipo a Mwadyakale a Zaumoyo, pokhala munthu womvetsa zinthu, anavomera tsiku lomwelo. Malole anazungulira dziko lonse. Katemera amene anali m'mafirijimo anamuika pa mashelefu, pamene anafunda n'kuwonongeka mwakachetechete ngati nzika yabwino.

Mwambo unatha, koma mafiriji sanabwerere. Panafunika mwambo wothokoza okonza mwambo, kenako wina wokumbukira mwambo woyamba uja. Pamene lamulo linkayamba kuluma n'kuti miyambo itadya chaka, ndipo ana onse obadwa m'chaka chimenecho mikono yawo inali yosalala.

Mmodzi mwa anawa anali Lonjezo, kamtsikana ka m'mudzi wa Dikirani. Mayi wake, Dolika, ankagulitsa zitumbuwa pamsika wa Tidyenji. Mwamuna wake adapita kukafuna ntchito kunja ndipo ankatumiza moni yekha. Dolika sankafunikira lamulo kuti akonde katemera. Mwana wake woyamba adamwalira ndi chikuku ali kumsana, panjira yopita kuchipatala, ndipo iye adayenda mtunda wautali akumuimbira nyimbo osadziwa kuti watsirizika kale. Chichokereni tsiku limenelo ankaopa chikuku kuposa moto.

Chotero mwezi uliwonse ankabereka Lonjezo n'kuyenda mpaka pachipatala cha Bweranimawa, pamene ankapeza namwino wa pamenepo, mayi Ndaziona, atakhala pakhonde akudzipepesa mphepo ndi katoni.

"Mwabweranso, amake Lonjezo?"

"Ndabwera, anamwino. Wafika?"

Namwino ankangoloza pakona pamene panali firiji. Pansi panatsala malo oyera a makona anayi, ndipo nkhuku ya alonda inali itayamba kuikirapo mazira.

"Wa pashelefuyu ndikamubaya ndiye kuti ndamubaya madzi ofunda," anatero tsiku lina. "Sindingakunamizeni, ndine mayi ngati inu. Yesani mwezi wamawa."

Tsiku la Thumba litafika, Dolika anaima pamzere ngati kale. Mlembi anapinda kamalaya ka Lonjezo, n'kutembenuza kamkonoko uku ndi uku.

"Palibe chipsera. Wotsatira."

"Bwana, kuchipatala kulibe katemera. Ndapitako mpaka mapazi achita ming'alu."

"Zimenezo ndi za Unduna wa Zaumoyo, mayi. Ine ndine wa matumba."

"Nanga ndikadandaule kuti?"

"Ku Unduna wa Zikondwerero, ndi kumene kuli bokosi la madandaulo. Wotsatira."

Pamsika wa Tidyenji anthu sakwiya mokweza, chifukwa mitengo ya pamenepo ili ndi makutu aboma. Amangocheza.

"Atiuza kuti tikwere mumtengo umene audula okha," anatero mayi wina wogulitsa usipa.

"Firiji yathu ndinaiona m'nyuzipepala," anayankha wogulitsa makala. "Inali kumbuyo kwa Mfumu. Ikuoneka kuti ikusangalala kumeneko, tisaivutitse."

Njira inatulukira kwa a Lifeyo, mkulu wokhoma zidebe kumapeto kwa msika. Tsiku lina akuwotcherera ndowa, kachitsulo kamoto kanagwera mdzukulu wawo pamkono. Bala litapola, mpongozi wawo anapita ku Thumba mongoyesa, ndipo anabwerako atasenza. Nkhani inayenda m'manong'onong'o. Posakhalitsa kuseri kwa shedi ya a Lifeyo kunali mzere wautali kuposa umene unayamba waonekapo pachipatala cha Bweranimawa. Chida chawo chinali msomali woika pambaula mpaka mutu wake utafiira. Ankangogunditsa kamodzi pamwamba pa mkono, ndipo pakatha masabata angapo pankatsala kachipsera kozungulira bwino, kokongola kuposa ka nduna.

Woyamba kubweretsa ana ambiri anali Mneneri Hezekiya wa mpingo wa Madzi Okha, amene kwa zaka zambiri adakhala akulalikira kuti mankhwala ndi a satana. Anasala kudya n'kulandira vumbulutso lakuti msomali si mankhwala. Lamulo lofuna kugwira anthu ngati iyeyo linam'patsa matumba mpaka kudzaza chipinda chovalira cha tchalitchi.

Dolika anakana. Anakana mwezi woyamba, anakana wachiwiri. Kenako mvula inagwa, chimanga chinakwera mtengo, ndipo anthu anasiya kugula zitumbuwa. Mawere ake anayamba kuuma. Tsitsi la Lonjezo linasanduka lofiirira n'kumathothoka, ndipo mwana amene ankakwawa mpaka kukagwetsa malichero a anthu anangokhala phee pachitenje, akuyang'ana ntchentche.

"Asisi, mwanayu akutha," anatero Vayileti, mnzake wogulitsa tomato pambali pake, amene mwana wake anali atapita kale kwa a Lifeyo. "Mukudikira chiyani?"

"Ndikudikira katemera weniweni. Msomali suletsa chikuku."

"Ndani wanena kuti umaletsa? Chipseracho ndi cha boma, asisi, mimbayo ndiye ya mwana. Katemera weniweni akadzabwera mudzamubayitsa. Adzakukanizani ndani?"

Mawa lake Dolika anakaima kuseri kwa shedi. A Lifeyo anamuyang'ana, n'kuyang'ana mwanayo, ndipo sanaseke monga ankachitira ndi ena.

"Ine si dokotala, mayi," anatero. "Ichi chimateteza njala basi. Musadzanditukwane."

"Ndikudziwa, bambo. Pangani msanga."

Anagwira kamkono ka mwana wake ndi manja ake omwe, n'kuyang'ana kumbali. Lonjezo analira mpaka mawu kutha, ndipo Dolika analira naye, chifukwa cha chisoni komanso manyazi. Anali atalonjeza pamanda a mwana woyamba uja kuti wachiwiri adzamuteteza, ndipo lero wamuwotcha yekha. Bala litapola anapita ku Thumba. Mlembi yemwe uja anapinda kamalaya n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona, mayi? Mukafuna mumatha."

Phala linabwerera m'nyumba, ndipo Lonjezo anayambanso kugwetsa malichero a anthu. Dolika sanasiye kupita ku Bweranimawa. Nkhuku ija inali itaswa, ndipo anapiye ankayendayenda m'chipinda cha katemera.

Ku Wombani kunali chisangalalo. Alembi a m'maboma onse anatumiza uthenga umodzi, wakuti mkono uliwonse umene apinda uli ndi chipsera. Mfumu inapita ku msonkhano wa mafumu n'kulankhula mpaka anzake kuyamba kusinza, osatsokomola ngakhale kamodzi. Itabwerako inaveka a Mwadyakale mendulo yolemera moti inkagona pamimba. Ndipo popeza ana onse anali atabayidwa, nduna zinagwirizana kuti kugulanso katemera kungakhale kuwononga chuma cha dziko. Mafiriji anapatsidwa ntchito yokhazikika kumpanda.

Chikuku, poti sichiwerenga nyuzipepala, chinalowa m'dzikomo mvula itangotha. Chinayambira m'midzi ya kumalire n'kumatsika ndi msewu. Boma linalengeza kuti si chikuku, popeza mwana wobayidwa sadwala chikuku, koma ndi totupa tansanje tochokera kwa oyandikana nawo. Pamaliro, wolengeza za matenda ankangoti mwana anatentha thupi, n'kukhala pansi. Anthu ankawerama, aliyense akudziwa dzina la matendawo. Okumba manda anasiya kubweza makasu kunyumba.

Zinthu zinasintha mwana wa wophika wa kumpanda atatuluka totupa tansanje tomweto. Akazi a nduna anathamangira kwa Mfumu opanda n'zodzola zomwe. Sing'anga wa kumpanda anayezanso ana awo, ndipo anapeza kuti khungu lawo lalimba mwadzidzidzi. Mfumu inalamula kuti ndege ikatenge katemera kunja.

"Wochuluka bwanji, Mwinidziko?" anafunsa msungichuma.

"Wokwanira ana onse osabayidwa m'dziko muno. Ine sindisankha."

Alembi anafufuza, ndipo anapeza kuti ana osabayidwa m'dziko lonse la Zilibwino anali okhululukidwa aja basi. Katemera anabwera m'kabokosi kamene munthu mmodzi ananyamula m'khwapa. Za firiji panalibe vuto, anangosuntha mabotolo pang'ono.

Dolika anamva pa wailesi ya wogulitsa makala, kuti ana onse osabayidwa abwere nawo pachipata cha kumpanda kudzalandira katemera wa chikuku, mwa chifundo cha Mfumu. Benchi ya Vayileti inali yopanda munthu. Mwana wake, amene ankadyera phala mbale imodzi ndi Lonjezo, anali ataikidwa m'manda masiku apitawo. Dolika sanakambirane ndi aliyense. Anatenga thumba la mwezi umenewo, limene anali asanalimasule, n'kubereka mwana, n'kukwera lole ya makala yopita ku Wombani.

Pachipata panali mahema, gulu la malipenga, ojambula zithunzi, ndi amayi ovina atavala nkhope ya Mfumu. Ana a khungu lofewa ankalowa mmodzimmodzi, aliyense atagwiridwa ndi wantchito wake, n'kumatuluka ndi switi. Kunja kwa chingwe kunali khamu la amayi ochokera m'midzi, ndipo asilikali ankapinda malaya a ana awo n'kumawabweza. Dolika anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe, thumba lili pamutu. Msilikali anaganiza kuti ndi mphatso ya nduna, ndipo anamusiya. Anayenda mpaka pamene a Mwadyakale anakhala, n'kutula thumbalo pamapazi awo, n'kugwada.

"Bwana, ndabweza thumba lanu. Mundibayire mwana wanga."

A Mwadyakale anaona kuti ojambula atembenuka. Anamwetulira, n'kuwerama, n'kupinda okha kamalaya ka Lonjezo.

"Koma mayi, mwanayu adabayidwa kale. Taonani chipsera chake."

"Ndi msomali, bwana," anatero Dolika. "Ndinamugwira ndekha. Ndimangeni ngati mukufuna, thumba musadzandipatsenso, koma iyeyu mumubaye. Wina adandifera kumsana."

Nduna inasendera pafupi, ikumwetulirabe chifukwa cha zithunzi, n'kulankhula motsitsa kuti amve ndi iye yekha.

"Ndikudziwa, mayi. Misomaliyo a Lifeyo amapikula kusitolo kwanga. Koma Mfumu idalengeza kale pamaso pa mafumu anzake. Ndikabaya wanuyu, onse ali kuseri kwa chingwewa afuna, ndipo kabokosi n'kaja mukukaonako. Mukufuna Mfumu itsokomolenso?"

Dolika asanayankhe, a Mwadyakale anaimirira n'kukweza kamkono ka Lonjezo m'mwamba kuti khamu lione.

"Anthu a Zilibwino, onani mayi wachitsanzo," anatero pa chimkuzamawu. "Adabayitsa mwana wake pa nthawi yake, ndipo lero wayenda ulendo wautali kudzabweza thumba pothokoza Mfumu. Ife sitingalandire. M'malo mwake, tikumuwonjezera lina."

Malipenga analira. Amayi ovina analulutira, anthu a ku Wombani anawomba m'manja ndi matuza awo, ndipo zimene Dolika ankanena palibe anazimva. Asilikali awiri anamuimiritsa mwaulemu, n'kumusenzetsa matumba onse awiri, n'kumuperekeza mpaka kunja kwa chingwe. Kumbuyo kwake namwino wa kumpanda anaitana mwana wotsatira.

Amayi a kuseri kwa chingwe anam'patsa njira. Palibe anamuseka, palibenso anamufunsa kanthu. Mmodzi anangomukonzera chitenje chimene chinkamasuka.

Chithunzi chake chinatuluka patsamba loyamba la nyuzipepala mawa lake, ndipo akuti chikadapachikidwabe mu ofesi ya Unduna wa Zaumoyo ndi Zikondwerero. Iye sanachione. Atachoka pachipata paja anayamba kuyenda wapansi pamsewu wa ku Dikirani, chifukwa lole ya makala inali itabwerera kale. Matumba awiri aja ankalemera, nkhope ziwiri za Mfumu zikumwetulira pamutu pake, ndipo anayenda choncho mpaka dzuwa kupendeka. Pamenepo anazindikira kuti Lonjezo wakhala chete nthawi yaitali. Anaima, n'kumvetsera ndi msana wake. Mwanayo ankapuma, koma ankatentha, ndipo kutentha kumeneko Dolika ankakudziwa.

Anaponya matumba onse awiri m'mbali mwa msewu, n'kumanga chitenje mwamphamvu, n'kuyamba kuthamanga kulowera ku Bweranimawa. Ulendo uno sanaimbe nyimbo, kuti azimva kupumako.